Ndinadya "matope" a Isitala ku Finland

Abale anga a mu msika, nditakuuzani kuti kuli dziko la azungu kumene anthu amaima pa mzere kugula chakudya chooneka ngati matope a m'ngalande, munganene kuti mnyamatayu wayamba bodza. Koma ine ndinaona ndi maso angawa ku Helsinki, likulu la dziko la Finland, sabata ya Isitala.

Kumeneko ndinakachezera mnzanga wa ku sekondale amene anakwatira mkazi wa konko. Tsiku Lachinayi anapita nane ku msika wa Hakaniemi, chinyumba cha njerwa zofiira chimene chinatsegulidwa mu 1914. Malonda ake ndi a m'kati, poti kunja kukazizira sikuti masewera. Ogulitsa ali phee, palibe wokuwa kuti "tiyeni kuno bwana", koma katundu akungopita.

Pa benchi ina panali timabokosi todzaza ndi chiphala chakuda bii. Dzina lake ati mämmi. Ndinafunsa ngati ndi mankhwala a ng'ombe, mnzanga n'kunditsina.

"Aise, tseka pakamwa. Mawa udya zomwezi kwa apongozi anga, ndipo usakandichititse manyazi."

Mawa lake, Lachisanu Loyera, mayi aja anandiikira m'mbale, chozizira, n'kuthirapo kirimu wa mkaka ndi shuga. Nyumba yonse maso pa ine. Kukana kukanakhala kunyoza banja, kudya nako mtima unali kukana. Ndinatseka maso n'kumeza supuni yoyamba.

Inu! Lilime linandiuza kuti kukoma kumeneku ndikukudziwa. Ndinati, "Amayi, kodi muno muli chimera?" Mnzanga atamasulira, mayi aja anavomera ndi mutu.

Nkhani yake ndi iyi. Mämmi amapanga ndi ufa wa rye, mbewu yofanana ndi tirigu imene imapirira kuzizira, pamodzi ndi chimera cha rye yemweyo. Amasakaniza m'madzi otentha pang'onopang'ono n'kusiya pofunda kwa maola angapo kuti chimera chitsekemeretse ufa, monga muja amachitira amayi athu pophika thobwa. Amathiramo mchere ndi makoko a lalanje operapera, ena amawonjezera manyuchi akuda. Kenaka amaotcha mu uvuni kwa maola, n'kusunga pozizira masiku angapo asanadye.

Kale ankaotchera m'timabokosi ta makungwa a mtengo wa birch. Lero mabokosi ndi a katoni, koma ambiri amawajambulabe mawanga a makungwa aja. Chakudyachi chinkathandiza pa Lachisanu Loyera, tsiku limene anthu akale ankapewa ntchito yophika, chifukwa chimakhala masiku osaonongeka.

Si onse a ku Finland amene amachikonda, ena amachita kuipidwa nacho. Alendo amachiseka chifukwa cha maonekedwe. Koma eni ake sanachipake utoto kapena kuchisintha dzina kuti chikomere mlendo. Isitala ikayandikira chimadzaza m'masitolo, anthu n'kumagula osanyengerera.

Apa ndinakumbuka inu amayi ogulitsa thobwa ku Limbe ndi ku Lilongwe, amene anyamata a mataye amakudutsani kukagula zakumwa za m'botolo. Dziko lolemera ngati Finland likudyabe chimera chake pa tsiku lalikulu, pa tebulo la alendo. Nanga ife manyazi ndi a chiyani?

Ine mbale ija ndinamaliza. Yachiwiri ndinapempha ndekha.