Nyanja inkasunga nthawi

Ife tinakulira pagombe la ku Lifuwu, kusanachuluke maboti a injini. Masiku amenewo msodzi sankadikira wailesi kuti imuuze za nyengo. Mwera unkayamba cha mu Meyi, n'kulimba mu Juni ndi Julayi, kenako n'kuleka. Mpoto unkabwera ndi mvula chaka chikamatha. Akuluakulu ankangoyang'ana mitambo kutsidya, n'kunena kuti, "Lero bwato lisalowe," ndipo mawu awo sankagwa pansi.

Mwera tinkauopa, komanso tinkaudalira. Ndiwo unkatakasa nyanja, madzi ozizira apansi n'kukwera ndi chakudya cha tinsomba, ndipo ukaleka usipa unkabwera wonona. Usiku nyali zinkati mbuu panyanja, siginala ali patsogolo, chilimira n'kutuluka cholemera moti anyamata ankachita kuitana anzawo kumtunda. M'mawa matandala onse adzaza, wotsala amayi n'kumafutsa mpaka dzuwa kupendeka. Wodutsa m'njira ankapatsidwa ndiwo asanapemphe. Chambo chinkaswana pamchenga pafupi pomwepa, tiana take n'kubisala m'bango. Ntchila, imene adzukulu anga sanaionepo ndi maso, tinkaidya ngati ndiwo wamba.

Mtsinje wa Linthipe nawo unali ndi nthawi yake. Mvula ikatha, madzi n'kuyamba kuyera, mpasa unkakwera kukaikira mazira pamiyala. Lero mvula imachedwa, ikabwera imagwa yamkuntho masiku ochepa, n'kukokolola dothi la ku Dedza, Dowa ndi Lilongwe kumene mitengo inatha. Linthipe amafika kunyanja ali wofiira, miyala ija itakwiririka ndi matope. Nanga mpasa ukaikire pati?

Nyanja kukwera ndi kutsika si zachilendo. Mu 1980 inadzaza kwambiri, chilala cha 1992 chitadutsa inaphwera zaka zingapo. Koma kale inkasintha pang'onopang'ono, zamoyo n'kumazolowera. Onani za posachedwapa: mu 2016 inatsika mpaka Shire kuchepa mphamvu, magetsi n'kumazima dziko lonse, pofika 2024 inali italowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu ku Senga Bay. Madzi akathawa, mabango amauma ndipo anthu amalimapo mpunga. Akabwerera, mvuu imapeza msipu wake uli munda, n'kudya mpungawo usiku umodzi. Ng'ona nayo imasendera kumene amayi amachapira. Tikatero timati nyama zalusa, chonsecho zangosowa pokhala. Katumbu amene ankatibera nsomba m'mono, sindikumbuka kuti ndinamuona liti komaliza.

Ofufuza za nsomba amati madzi a pamwamba akutentha, ndiye sasakanikirana bwino ndi apansi, chakudya cha nsomba n'kumachepa. Sinditsutsa, pakuti mwera wa masiku ano umabwera mosalonjera, nthawi zina mwezi umene sitinkauyembekezera, n'kumiza ana athu. Koma tisanamizire nyengo yokha. Si kutentha kumene kunasoka masikito neti kukhala khoka lokokera kasawala ndi bonya. Si mphepo imene inatentha mabango. Nsomba yofooka kale ndi nyengo, ife tikuimaliza isanaswane.

Ndikatero ena amati nkhalamba ikulira zakale. Apite ku Mbenje akaone. Pachilumba chimenechi Mfumu Yaikulu Makanjira imatseka usodzi nyengo ya mvula ikayamba, mu Disembala, ndipo palibe woponya ukonde mpaka mu Epulo. Mowa, chamba ndi juga n'zoletsedwa, wolakwa amathamangitsidwa. Dzuwa lake ndi lomweli, mwera wake ndi womwewu, koma akatsegula, utaka umapezeka ndithu, mpaka asodzi a maboma ena kukhamukira komweko.

Inu mafumu a m'magombe enawa, kuyambira ku Chipoka mpaka ku Lifuwu kwathu, khalani pansi ndi makomiti a m'madoko, muike miyezi yanu yotseka, ndipo mabango otsalawo asawotchedwenso.