Cipinda Cimodzi ku Kalingalinga

Basi yocokera ku Chipata imayenda makilomita oposa 550 pa mseu wa Great East, kuoloka mlatho wa Luangwa, isanakatule anthu pa Intercity mu Lusaka. Ena mwa anyamata ndi asungwana otsikamo amakapeza malo ogona ku Kalingalinga, komboni yoyandikana ndi University of Zambia, sukulu imene inatsegulidwa mu 1966. Kumeneko akalipentala ndi owocherera zitsulo ayala nchito zao m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata, ndipo kuseri kwa nyumba zambiri eni ace anamangako tizipinda ta lendi.

Popeza lendi ndi yowawa, anthu awiri amagwirizana kukhala m'cipinda cimodzi. Koma amene analowamo poyamba salandira mnzace cilandirelandire. Amamkhazika pa mpando panja, namufunsa monga amafunsira ankhoswe.

Mafunso oyamba ndi a kumudzi: "Kwanu n'kuti, acimwene? Mfumu yanu ndani? Ndinu a mfunda wanji?" Munthu wa kwa Mpezeni, wa kwa Kalindawalo ku Petauke kapena wa kwa Gawa Undi ku Katete sasowa womdziwa mu Lusaka, cotero mbiri yace imamveka msanga. Wobwerayo akakhala Mbemba, nkhani imayamba ndi kunyozana kwa cimbuya, ndipo nthawi zina kusekako kumaiwalitsa mafunso olemera.

Olemerawo ndi a ndalama. Malipiro amalandira liti? Mayuniti a ZESCO adzagula ndani? Nsima idzaphikidwa mumphika umodzi, kapena aliyense ndi ufa wace? M'caka ca 2024, madzi atacepa m'nyanja ya Kariba cifukwa ca cilala, magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku ndi tsiku, ndipo thumba la makala linayambanitsa anthu ogona pa mphasa imodzi. Palinso nkhani ya alendo, pakuti msuweni wobwera masiku awiri amatha mwezi wathunthu.

Za ukhondo sizinenedwa mwamanyazi. Mu Januwale 2024 kolera inavuta kwambiri mumzindawu, kotero kuti bwalo la National Heroes Stadium linasanduka cipatala. Amene anaona zimenezo amafunsiratu za kutunga madzi, kuvundikira ndowa ndi kutsuka cimbudzi cimene mabanja angapo amagwiritsa nchito.

Mafunso akatha, awiriwo amapita kukaonekera kwa mwini nyumba kuti watsopanoyo adziwike, cifukwa lendi ikacedwa, amene amagogoderedwa citseko ndi uja analowa poyamba.