DUWA LA PA KHONDE

Munthu ali yense wodziwa dziko la Mwape, m'cigwa ca Luangwa, adziwanso ukali wa mwezi wa October. Pa mwezi umenewo mitengo ya tsanya iima yopanda tsamba, udzu wonse wapsa ndi lupsa, ndipo pali ponse munthu angaponye maso aona phulusa ndi pfumbi lokha. Koma ndi nthawi yomweyo imene comera cina coyanga cibvala zofiira psuu, monga ngati sicinamve kuti kunja kuli cilala. Dzina lace ndi bougainvillea. Cimapezeka kawirikawiri pa mabwalo a masukulu ndi a macalici, ndipo ine ndinabzala canga m'citini, pa khonde la nyumba ya amai.

Comera cimeneci ndi mlendo kuno. Kwao ndi ku South America. M'caka ca 1767 ngalawa za Afalansa zozungulira dziko lonse lapansi zinaima pa Rio de Janeiro, ku Brazil, ndipo katswiri wa zomera, Philibert Commerson, anacilemba m'mabuku ace. Dzina anaticha nalo ndi la mtsogoleri wa ulendowo, Louis Antoine de Bougainville. Commerson anali ndi womthandiza, Jeanne Baret, mkazi amene anabvala ngati mwamuna kuti alowe m'ngalawa, popeza akazi sanali kuloledwa. Ambiri aganiza kuti amene anathyola duwalo ndi iyeyo, pakuti Commerson anali kubvutika ndi cironda ca pa mwendo. Ngati ndi tero, nchito inali ya mkazi, dzina la mwamuna.

Nthambi yanga ndinaipempha ku Nyimba. Inali yokhwima, kukula kwace ngati pensulo, kutalika kwace ngati cikhato. Ndinaizika mu mcenga wonyowa pa mthunzi, ndipo patapita miyezi iwiri inaphuka. Citini ndinaciboola ku tako ndi msomali, ndi kuikamo miyala pansi, dothi losanganiza ndi mcenga pamwamba. Posamutsa pafunika manja ofatsa, cifukwa mizu yace ndi yosacedwa kuduka. Mtengo wa minga yoopsa cotere uli ndi mizu ya khanda.

Ena afuna kuliika m'kati mwa nyumba, pa tebulo. Kumeneko lingoyoyola masamba. Lifuna dzuwa la maora asanu kapena asanu ndi limodzi tsiku ndi tsiku, ndipo nyumba zathu za mazenera ang'ono sizingalipatse. Malo ace ndi m'mphepete mwa khonde. Liribenso timanja togwirira ngati dzungu. Likwera ndi minga, kotero kuti mwini ayenera kulimanga ku mzati ndi luzi. Mbuzi zokha siziopa mingayo, ndipo ndinazichingira ndi kampanda ka nsungwi.

Mlandu weniweni unali wa madzi. Kwathu madzi abwera pa mutu wa munthu, ndipo m'cilimwe mtunda wa ku mjigo utalika cifukwa ca mzere wa ndowa. Tsiku lina amai anandipeza ndiri kuthirira, nati, "Mwana wanga, kodi duwa lakoli lidyedwa? Mlongo wako acita kulawira m'mamawa kuti amwetse minga?" Funso limeneli silinali la cipongwe. Ife amene tinapita ku sukulu tibwera ndi zokonda zathu, koma katundu wace timsenzetsa wina. Ndinati, "Amai, madzi a m'mtsuko sindidzawakhudza. Ndidzathira otsala potsuka mpunga ndi ndiwo, ndipo akasowa ndidzakatunga ndekha." Anaseka, pakuti mnyamata wosenza ndowa anali cinthu coseketsa pa mudzi, koma anabvomera.

Mwai wace, comeraci sicifuna madzi ambiri. Ukacithirira masiku onse ndi kucipatsa manyowa ocuruka, cikupatsa masamba obiriwira ndi minga yaitali, maluwa ai. Uyenera kudikira kuti dothi liume mpaka cala cikalowa cisamve cinyezi, masamba a ku nsonga ayambe kuwerama pang'ono. Pamenepo uthire mpaka madzi aturukire pansi, ndi kucisiyanso. Kudikirako ndiko kobvuta. Dzanja lifuna kuthira, makamaka masana pamene nkhuku zomwe zayasama kukamwa pansi pa nkhokwe. Citini copanikiza mizu cithandizanso kuti maluwa acuruke, cifukwa cace sindifulumira kufuna cacikuru.

Cimene tichula duwa sindilo duwa leni-leni. Zofiirazo ndi masamba atatu opyapyala ngati pepala, ndipo maluwa ali pakati pao, ang'onoang'ono, oyera, atatunso. Amai ndiwo anayamba kuona zimenezi pa nyumba pathu, ali kusesa zoyoyoka, nandiitana kuti ndione. Kuyambira pamenepo madzi a mpunga amawathira okha, ngakhale anenabe kuti mtengowo ndi waulesi.

Pa cinthu cimodzi sanagonje. Nthambi zikafika pa tsindwi zisolola udzu, ndipo m'dzinja nyumba idontha. Amaopanso kuti njoka ingabisale m'menemo. Cotero maluwa akatha, mvula yoyamba isanagwe m'mwezi wa November, ndidula nthambi zonse zopitirira mutu wanga. Kudulako kuli bwino, popeza maluwa aturuka pa nthambi zatsopano. Zodulazo ndisankhapo zokhwima ndi kuzizika mu mcenga kuseri kwa nkhokwe. Caka catha zinagwira zinai mwa khumi, ndipo ziwiri anatenga aphunzitsi.