Nthenda ya pa Mtundu Wathu

Ndili mwana, amalume anga anatupa pammero usiku, ndipo tambala asanalire anali atatisiya. Akuluakulu anati ndi ufiti. Koma amayi nawonso ankatupa milomo ndi manja masiku atatu, popanda kuyabwa konse. Lero mwana wanga wamkazi ali nayo nthenda yomweyo.

Nthendayi ndi yakumtundu, ndipo igwira ngati munthu mmodzi mwa anthu 50,000. Mu 1888 dotolo William Osler anailondola m'mibadwo isanu ya banja lina ku America. Mu 1963 Virginia Donaldson ndi Richard Evans anapeza gwero lake: m'magazi a odwala muperewera chinthu chimene chiletsa madzi kuchucha m'mitsempha.

Madotolo anafunafuna mankhwala otchinjiriza, kuti asadikire munthu atupe. Mu 2018 boma la America linavomereza lanadelumab, jakisoni wobaya pa masabata awiri alionse, ndipo mu 2020 linavomerezanso berotralstat, mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku.

Mtengo wake ngwaukulu, ife sitingaufike. Komabe mdani wathu tamdziwa. Mwanayo akangosasa mawu, tithamangira kuchipatala osadikira kucha. Ndipo nkhalamba imene tinainamizira ufiti ija, ndinapita kukapepesa kwa adzukulu ake.