Ngongole ya Bambo ku Majete

Bambo atamva mtengo wa malo amene tinkafuna kukagona, anaika pansi kapu ya madzi n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Mwananga, ndalama zonsezo kuti mukandionetse nyama? Ine ndinabadwira komweko. Mukanangogula feteleza."

Sanalakwe. Ndalama za usiku umodzi wa anthu asanu zinkaposa malipiro anga a miyezi iwiri. Koma ine ndi achimwene anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg tinali titasonkha kwa chaka chathunthu, ndipo theka tinali titalipira kale. Chimwalirireni mayi, bambo ankangokhala pakhonde kwathu ku Chilomoni, osalankhula zambiri, nsima akungoidya mokakamiza. Tinkafuna kuwatulutsa m'nyumbamo mphamvu zoyendera akadali nazo.

Tinanyamuka m'mawa wina m'mwezi wa Seputembala: ine, amuna anga, ana athu awiri ndi bambo. Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Majete ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 70. Msewu umatsika mapiri mokhotakhota, ndipo ukakhala pamwamba umaona chigwa chonse cha Shire chili phee pansi pako. Pofika pa Thabwa tonse tinali titavula majuzi. Tinawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, n'kupatuka pa boma la Chikwawa. Apa m'pamene bambo anayamba kuloza mitengo ya milambe, akuiyang'ana ngati anthu amene anasiyana nawo kalekale.

Malo ogonawo anali m'mphepete mwa mtsinje, m'kati mwenimweni mwa nkhalango. Potilandira anatipatsa timataulo tozizira topukutira nkhope ndi madzi a malambe. Chipinda chilichonse chinali chotseguka mbali yoyang'ana kumadzi, moti munthu ukhoza kusamba uku ukuona mvuu zikupuma. Bedi linali lalikulu, lokutidwa ndi neti yoyera, chifukwa udzudzu wa kuchigwa susankha wolemera kapena wosauka. Tinali titawauziratu kuti pabanja pathu sitimwa mowa ndiponso kuti bambo amadya chakudya cha mchere wochepa, ndipo ophika sanaiwale ngakhale kamodzi.

Zonsezi bambo sizinawasangalatse. Mnyamata wina atawanyamulira chikwama, iwo anachigwira mbali ina, osafuna kuchisiya. Koma atamva kalankhulidwe kake anamufunsa kuti, "Kodi iwe ndiwe wa kwa yani?" Mnyamatayo atatchula mudzi wake, zinapezeka kuti ndi woyandikana ndi kumene bambo anakulira. Anacheza mpaka chakudya chinazizira. Ambiri mwa ogwira ntchito pamalopo anali ana a m'midzi yozungulira nkhalangoyo, ndipo zimenezi zinawafewetsa mtima bambo kuposa bedi ndi mataulo aja.

Usiku sankalola mlendo kuyenda yekha kuchokera kodyera kupita kuchipinda. Mlonda amakuperekeza ndi tochi, pakuti mvuu zimatuluka m'madzi kukadya msipu kukada, ndipo munthu akaima pakati pa mvuu ndi mtsinje amakhala pangozi. Usiku woyamba mwana wathu wamng'ono, wa zaka 9, anagona atandigwira mkono, akumvetsera kulira kwa fisi kutsidya.

Tinadzuka kusanache. Galimoto yoonera nyama imakhala yopanda mawindo, mipando yake yokwezeka, ndipo lamulo ndi losavuta: osaimirira, osatulutsa mkono, osafuula. Tinaona nswala zambirimbiri, anakodzwe, ngoma yamphongo ya nyanga zopiringizika, ndi gulu la njati litaimirira n'kumatiyang'ana mosatekeseka. Mphalapala imodzi inadutsa kutsogolo kwathu, yakuda bii, nyanga zake zitapindikira kumsana. Ana ankawerenga nyama pa kapepala kamene anawapatsa. Bambo ankazitchula mayina woyendetsa galimoto asanatsegule pakamwa, ndipo kawiri konse anaona mapazi pamchenga iye asanawaone.

Woyendetsayo anatifotokozera mbiri ya malowo. Majete inakhala nkhalango yotetezedwa mu 1955, ndipo kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 700. Komabe pofika cha m'ma 1990 inali itatha. Zipembere, mikango ndi njovu zonse zinali zitaphedwa, mitengo ikudulidwa n'kuwotchedwa makala. Mu 2003 boma linagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa nkhalangoyi. Chaka chomwecho anabweretsa zipembere, mu 2006 njovu zochokera ku Liwonde, mu 2012 mikango, ndipo mu 2018 akadyansonga. Anamanga mpanda wamagetsi kuzungulira nkhalango yonse kuti nyama zisamalowe m'minda ya anthu. Njovu zinaswana mpaka Majete inayamba kugawira ena: mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi ku Majete kupita ku Nkhotakota.

Titaima pamthunzi kuti timwe madzi, woyendetsayo anatulutsa waya pansi pa mpando wake. Anati amausunga kuti azionetsa alendo chimene chinamaliza nyama za kuno. Msampha wa waya suphokosera ngati mfuti ndiponso susankha. Wotchera amafuna gwape, koma umakola chilichonse chodutsa, ngakhale chitamba cha mwana wa njovu, ndipo nyama ikamalimbana nawo umangolowerabe m'thupi. Mwana wathu wamkulu anafunsa kuti, "Nanga amautchera bwanji?" Woyendetsayo ankalimbana nawo wayayo, koma sunkapindika bwino.

Bambo anatambasula dzanja. "Tapatse kuno, mwanawe."

Zala zawo, zimene masiku ano zimavutika kumanga batani la malaya, zinapinda wayayo kamodzi n'kamodzi, n'kukhala khwekhwe lozungulira bwinobwino. Tonse tinangoti zii. Iwo anauyang'ana pang'ono, n'kuumasula, n'kuubweza. Sanalankhulenso mpaka tinafika kogona.

Madzulo a tsiku lomwelo tinapita kumtsinje wa Shire, kumtunda kwa mathithi a Kapichira. Mathithi amenewa ndi amene anatsekereza sitima ya David Livingstone mu 1859, ndipo lero pali makina opangira magetsi. Dzuwa likupendeka, njovu zinatulukira m'tchire, zoposa khumi, yaikazi yokalamba ili patsogolo monga mwa chikhalidwe chawo. Kamwana kena kankayenda pansi pa mimba ya make, kakuphunzira kugwiritsa ntchito chitamba. Mwana wathu wamng'ono anatulutsa m'thumba K50 yakale, ija ili ndi chithunzi cha njovu za ku Kasungu, n'kumayerekeza. Kufikira tsiku limenelo njovu ankaidziwira pa ndalama basi.

Bambo analankhula maso ali kunjovu. "Chaka cha chilala, 1992, thonje linapsa, chimanga osatuluka. Iwe unali Sitandade 4. Masiku amenewo ngakhale pulayimale inali yolipira. Fizi yako ndi ya mchimwene wako, mayunifomu, makope, zinachokera m'tchire muno. Ndinkalowa usiku, amako akudziwa, inu muli mtulo. Sindinayambe chaka chimenecho, ndiponso sindinali ndekha. Tinkati nyama sizingathe. Kenaka tsiku lina ndinayenda kuyambira m'mawa mpaka madzulo osaona ngakhale phazi la gwape."

Ndinasowa chonena. Moyo wanga wonse ndinkadziwa kuti ndinaphunzira ndi ndalama za thonje. Amuna anga anaweramitsa mutu. Amene anayankha ndi mwana wathu wamkulu, wa zaka 13. "Agogo, ndiye mukanamangidwa?"

"Ndikanamangidwa, ndipo sakanandilakwira," anatero bambo. "N'chifukwa chake sindinkafuna kubwera. Ndinkaopa kudzaona tchire lopanda kanthu, ndikudziwa kuti dzanja langa linali pomwepo."

Woyendetsa uja anawauza mwaulemu kuti ena mwa anthu amene ankatchera misampha kale, lero ana awo ndi amene akulondera nyamazi, ndipo midzi yozungulira imapindula ndi ntchito, ulimi wa njuchi ndi thandizo la fizi kwa ana a sukulu. Bambo anagwedeza mutu. "Ndiye kuti mwana akhoza kuphunzira ndi njovu yamoyo," anatero, ngati akudzilankhulira okha. Tinakhala pamenepo mpaka njovu yomaliza inalowa m'tchire.

Sindinganene kuti banja lililonse lichite zimene tinachita ife. Malo ogona ngati amenewo ndi odula, ndipo si nzeru kulowa m'ngongole kapena kudya ndalama ya fizi chifukwa cha masiku awiri. Ubwino wake n'ngwakuti njovu za ku Majete siziona kumene munthu wagona. Amalawi amalipira ndalama yocheperapo polowa pachipata, mukhoza kupita m'mawa n'kubwerera madzulo, ndiponso alipo malo oti n'kumanga tenti. Nthawi yabwino ndi ya chilimwe, udzu ukauma ndipo nyama zikamasonkhana kumadzi, ngakhale kuti Okutobala ndi Novembala kumatentha koopsa. Tengani madzi akumwa okwanira, zipewa, mafuta othamangitsa udzudzu, ndi mankhwala a achikulire amene amamwa tsiku ndi tsiku. Wina akatentha thupi mutabwerako, akayezetse malungo tsiku lomwelo. Ndipo ngati muli ndi kholo lokalamba, musalisiye kunyumba poganiza kuti ulendo ndi wa ana. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma nawonso amakhala ndi moto wawo umene akhala nawo zaka zambiri osauza munthu.

Pobwerera, tikukwera mapiri aja kuchokera pa Thabwa, ndinawafunsa bambo ngati akuonabe kuti ndalama ija tinaitaya. Anaseka, koyamba chimwalirireni mayi. "Feteleza akufunikabe," anatero. "Koma mchimwene wako akabwera pa holide, mudzanditengenso. Ulendo uno tidzangolowa m'mawa n'kutuluka madzulo. Chipembere sitinachione."

Masiku ano ana akaweruka kusukulu amakhala nawo pakhonde paja. Amawajambulira mapazi a nyama padothi ndi kamtengo, n'kumawafunsa kuti ili ndi phazi la chiyani.