Kabokosi Kakang'ono, Nchito Yaikulu

Galimoto ya pikapu ndi yofunika m'midzi mwathu. Imanyamula cimanga ndi mbatata kupita ku msika wa ku Ulongwe. Imathamangira ndi odwala ku cipatala. Koma tsiku lina imakana kulira, pamene thanki ndi yodzaza. Ambiri amati pampu ya petulo yafa. Nthawi zina cimene cafa ndi kanthu kakang'ono, dzina lake rele.

Rele ndi kabokosi konga ka macesi. Nchito yake ndi yonga ya mlonda wa pacipata. Mukapotokola kiyi, magetsi ocepa amafika pa rele. Iyo imatsegula njira, ndipo magetsi ambiri a m'batire amapita ku pampu. Pampu imakankha petulo kucokera m'thanki kupita ku injini. Rele ikafa, injini imagona ndi njala.

Ine ndimaphunzitsa akulu kuwerenga. M'kalasi mwathu muli bambo wina woyendetsa pikapu ya petulo. Zonsezi anandiphunzitsa ndi iwo.

Poyamba amapotokola kiyi pang'ono, osaliza injini, ndi kumvetsera. Pampu yamoyo imang'ung'udza kanthawi kocepa. Kukakhala zii, amazimitsa ndi kucotsa kiyi. Kenaka amatsegula bokosi la mafiyuzi. Bokosili limakhala pafupi ndi batire, kapena pansi pa ciwongolero. Amayamba aona fiyuzi ya pampu ngati sinapse.

M'bokosimo muli marele angapo ofanana. Ya pampu ndi iti? Yankho lili pa civundikiro. Pamenepo pali cithunzi ndi zilembo. Pa magalimoto ambiri palembedwa FUEL PUMP. Bambowo amazula releyo ndi kuwerenga manambala a pa miyendo yake: 30, 85, 86 ndi 87. Mwendo 30 umalandira magetsi a batire. Mwendo 87 umawapereka ku pampu. Akapeza ina yofanana, monga ya hutala, amaiika pamenepo. Injini ikalira, vuto lapezeka. Amagula rele yatsopano ya manambala omwewo.

Kale bambowa ankadikira makaniko masiku awiri, mbatata zikuonongeka panjira. Ciyankhulo ca pa civundikiro saciyankhula, koma zilembo akuzidziwa tsopano. F ndi F, P ndi P, kulikonse.

Amayi ndi abambo, zilembo sizikhala m'buku mokha. Zili pa thumba la feteleza, pa botolo la mankhwala, ndi m'kati mwa galimoto. Tiyeni tiziphunzire.

Tikambirane:
1. Kodi rele imagwira nchito yanji?
2. Ndi pati pena pamene munaona zilembo lero?