Piki Isanagwe Pansi

Pansi pa misewu ya Blantyre pagona zinthu zambiri zimene oyenda pamwamba sazidziwa. Pali mapaipi a madzi, ena achitsulo a nthawi ya atsamunda, ena a asibesitosi, ena apulasitiki. Pali nthambo za magetsi, mawaya a lamya, mapaipi a suweji, ndipo masiku ano pawonjezereka nthambo za intaneti. Ine ndinakalambira m'ngalande za mzinda umenewu. Ndinayamba ntchito yokumba ndili mnyamata, ndalama ya kwacha itangolowa kumene mu 1971, ndipo ndinapuma ndili kapitawo, mawondo atayamba kukana. Anthu amaganiza kuti ntchito yathu inali ya mphamvu basi. Ayi ndithu, ntchito yaikulu inkagwirika piki isanagwe pansi, yofufuza chimene chabisala m'nthaka.

Zonse zinkayambira ku maofesi. Kapitawo ankazungulira kwa a madzi, kwa a ESCOM ndi ku Positi, pakuti nthawi imeneyo matelefoni anali m'manja mwa a Positi, kampani ya MTL isanapatulidwe mu 2000. Ankabwerako ndi mapulani okulungakulunga, ambiri olembedwa m'mafiti ndi mainchi. Mapulaniwo tinkawalemekeza, koma sitinkawagonera. Pulani imatha kunena kuti paipi ili mafiti 6 kuchokera pa mpanda, chonsecho mpandawo unagwa kalekale, kapena mwini wake anausunthira kumsewu. Imatha kunena kuti kuya kwake ndi mafiti 3, pamene giledala yakhala ikupala msewuwo chaka ndi chaka, madzi a mvula otsika m'phiri la Ndirande n'kumakokololanso, mpaka paipi yatsala pang'ono kuonekera. Kwina zinali zosiyana: anthu anathirapo dothi, paipi n'kumira kuposa mmene wolemba pulani anaisiyira.

Pulani ikatha kunena zake, tinkayamba kuyenda. Amene anandiphunzitsa ntchito anali bambo wina wa ku Chiradzulu, wosalankhulalankhula, amene sukulu sanapite nayo patali koma za pansi pa mzindawu anali nazo m'mutu. M'mamawa dzuwa lisanawawe ankatenga anyamata angapo n'kuyenda nawo mzere wonse umene tikufuna kukumba. Akapeza chivindikiro chachitsulo ankati tichitsegule, iwo n'kugwada, kusuzumira, kuona kumene paipi yachokera, kumene yalowera, kukula kwake ndi kuya kwake. Akapeza china kutsogolo, tinkakhoma zikhomo n'kukoka chingwe pakati pake, kenaka n'kuwaza laimu. Pa pholo la magetsi, akaona nthambo yatsika n'kulowa pansi, ankaima nthawi yaitali. "Anyamata inu," ankatero, "iyi sinathere pano. Tiyeni tikaipeze kumene yatulukira." Tinkasakanso tizipilala ta konkire timene akale ankazika posonyeza njira ya paipi kapena ya nthambo, tambiri titamira m'udzu.

Nthaka nayonso inkanena zake kwa wodziwa kuiwerenga. Mu Okutobala, udzu wonse utauma, ukaona kamzere kobiriwira m'mbali mwa msewu, dziwa kuti pansipo pali paipi imene ikudontha. Mvula yoyamba ikagwa, pamene panakumbidwapo kale pamalowa pang'ono, ndipo mzerewo umaoneka ngakhale patapita zaka. Anzathu a madzi anali ndi ndodo yachitsulo ya mutu wamtengo. Ankaigunditsa pa vavu, khutu n'kuika pa mutuwo, makamaka usiku magalimoto atachepa. Anandimvetsako tsiku lina: madzi othawa m'paipi amamveka ngati ketulo imene yangoyamba kuwira m'nyumba ya mnansi. Analiponso ena oyenda ndi mawaya awiri opinda m'manja, amvekere mawayawo akapingasana ndiye kuti pansi pali madzi. Bambo aja sankatsutsana nawo, koma sanalolepo kuti munthu akumbe potengera zimenezo.

Chimene ankachikhulupirira chinali dzenje loyesera. Tinkalikumba mopingasa mzere umene tikuganizira, osati motsatira, kuti ngati paipi yapatuka pang'ono tikumane nayo ndithu. Piki inkaloledwa kuswa chikhakha cha pamwamba chokha. Kuchokera pamenepo inali fosholo, ndipo fosholoyo yoiponda ndi phazi mofatsa, osati yoiponya. Katondo wosakumbidwapo amakhala wolimba, wa mtundu umodzi. Wokumbidwapo amakhala wofewa, wosakanikirana ndi dothi lakuda, timiyala ndi zidutswa za njerwa. Ukaona zimenezo umadziwa kuti munthu wina anafika kale pano, ndipo sanakumbe pachabe. Ukatsika n'kupeza njerwa zondandalika bwino kapena matabwa a konkire, pansi pake pali nthambo ya magetsi. Ukapeza mchenga wa kumtsinje pamalo pamene sipayenera kukhala mchenga, waifika. Apo tinkaika fosholo pambali, kugwada, n'kumafukula ndi manja cham'mbali, mpaka chinthucho chioneke: nthambo yakuda, yonenepa ngati dzanja, yokutidwa ndi phula ndi zitsulo zopota. Bambo aja ankayeza kuya kwake, n'kulemba m'kabuku kawo ka m'thumba la malaya ndi pensulo yaifupi.

Ena ankati tikuchedwa. Koma taganizani kumene madzi a mzinda uno amachokera. Ambiri amapopedwa mu Shire, ku Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, n'kukwera chitunda kudzera ku Chileka mpaka kufika m'mathanki a mu mzinda. Damu la Mudi limangothandizira, ndipo madzi a ku Likhubula, ku Mulanje, anayamba kubwera mu 2019. Dontho lililonse lakwera phiri ndi magetsi olipira. Munthu mmodzi akaboola paipi yaikulu, madzi amenewo amathera mu ngalande, amayi a dera lonse n'kumayenda ndi zidebe kukatunga m'zithaphwi. Choopsa china anthu sachiganizira: paipi yosweka ikaphwa, imayamwa madzi akuda a m'dzenjemo, ndipo ngati pafupi padutsa suweji, zonyansazo zimakatulukira pa mpopi wa munthu. Kolera amalowa m'nyumba motero. Za lamya nazonso zinali zowawa. Nthambo imodzi inkanyamula timawaya tamkuwa mazanamazana, ndipo ikaduka amisiri ankakhala m'dzenje masiku, kulumikiza kamodzikamodzi, mabanki ndi zipatala zili duu.

Nthambo ya magetsi ndiyo sipereka mpata wopepesa. Cha m'ma 1980, gulu lina linkakumba moyandikana ndi lathu. Bwana wawo ankawalipira potengera kutalika kwa ngalande imene munthu wakumba patsiku, ndiye aliyense ankathamanga. Mnyamata wina anaswa njerwa zochenjeza zija osaima, poyesa ndi maziko akale, piki n'kulowa mu nthambo ya mavoti 11,000. Tinamva kuphulika, tinaona kuwala masana dzuwa likuswa mtengo. Titathamangira tinapeza nsonga ya piki itasungunuka, iye ali gone m'ngalande, nkhope ndi manja zitapsa, malaya akufuka utsi. Anachira, koma zala sizinagwirenso mpini. Anthu amati mpini wamtengo umateteza. Moto umene umabuka pamenepo sufunsa za mpini. Ndipo mpaka lero ndimati mlandu sunali wa mnyamatayo. Ukamalipira munthu wanjala pa mita, wamuuza kuti asaime, ngakhale pakamwa ukunena kuti asamale. Bambo aja madzulo ake anatisonkhanitsa, ndipo sananene zambiri. "Mwaona nokha. Amene wapeza njerwa kapena mchenga aziitana ine. Tsiku lake ndimulembera lonse."

Kenaka kunabwera makina ofufuzira, ndipo ine ndinawalandira ndi manja awiri. Ndi kachipangizo konyamula m'manja, umayenda nako uku ukukalendewetsa pafupi ndi nthaka, ndipo kakafika pamwamba pa nthambo kamalira. Kamamva mphamvu imene imazungulira nthambo magetsi akamayenda. Pamenepo mpamene pali msampha kwa wosaphunzitsidwa bwino. Nthambo ya magetsi a mumsewu masana imakhala chete. Kuno kwathu, kumene magetsi amazimazima, ukayeza nthawi imene azima kamakinako sikalira, iwe n'kuyesa pansi palibe kanthu, magetsi n'kuyaka uli mkati mokumba. N'chifukwa chake kamabwera ndi kabokosi kena kamene umakalumikiza ku paipi yachitsulo kapena ku nthambo, kuti katumize chizindikiro chimene kamakinako kangatsatire. Ambiri kabokosi kameneka amakasiya m'galimoto chifukwa cha ulesi.

Paipi yapulasitiki ndiye kamakinako sikaimva n'komwe, ndipo nthambo zambiri za intaneti ndi zagalasi mkati, zopanda chitsulo. Pokhapokha woikayo atayala kawaya pamodzi nayo, ndi tepi yochenjeza pamwamba pake, wobwera pambuyo alibe pogwira. Aliko makina ena okankha ngati kangolo, oona pansi ndi rada, koma ndi odula, amafuna wodziwa kuwerenga zimene akuonetsa, ndipo m'dothi lonyowa la makande saona patali. Choncho dzenje loyesera silinathe ntchito. Likufunika kwambiri lero kuposa kale, popeza katapila imakumba pa ola limodzi zimene ife tinkatha nazo masiku, ndipo woyendetsa ali m'mwamba samva m'manja mwake kuti dothi lasintha. Pafunika munthu woima pambali pa ngalande, maso ali pa mano a katapilayo, wokhala ndi mphamvu yoimitsa ntchito osaopa kuchotsedwa.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti anzanga amene ankadziwa njira za mapaipi akale akutha mmodzimmodzi, ndipo timabuku tawo ta m'thumba tinapita nawo. Mzinda ukukula, anthu akumanga mipanda ndi maokala pamwamba penipeni pa mapaipi, ndipo tizipilala tija ena anazula n'kukachita mafuwa.

Inu amene mukufuna kukumba maziko a mpanda, dzenje la chimbudzi kapena ngalande yolowetsa madzi pakhomo, yambani mwapita ku ofesi ya madzi ndi ya magetsi ya m'dera lanu, mukafunse. Funsaninso achikulire amene anakhalitsa pamalopo. Wa ganyu wanu muuzeni kuti akapeza mchenga, njerwa kapena tepi aime, ndipo mumulipire tsiku limenelo. Nanunso amisiri amene mukukwirira mapaipi ndi nthambo lero, yalani mchenga, ikani tepi ndi kawaya, yezani kuchokera pa chinthu chosasuntha, ndipo zimene mwayezazo mukazisiye ku ofesi zitalembedwa.